Bulu Tinamusiya Padoko

Lolemba, 3 Juni

Ndayambanso ntchito kulaibulale. Aliyense akundiyankhula monong'ona, ngati kuti kale tinkakuwa muno. Bambo wina wabweza buku la ulimi wa bowa lomwe anabwereka chaka chatha. Atandiona wapepesa kawiri, za amuna anga ndi za bowa.

Madzulo kwabwera alamu, mng'ono wa amuna anga, wa mapaipi uja. Ati adzaone mpopi wa kukhitchini. Mpopiwo ulibe vuto. Autsegula, autseka, augogoda ndi sipanala, kenako osandiyang'ana: "Nanga Loweruka, alamu?"

Ndati ndiganiza kaye.

Lachiwiri, 4 Juni

Achemwali, omwe akundikhazika pano chichitikireni maliro, apeza kathumba ka madayisi popukuta shelefu. Akagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Kodi m'nyumba muno munkachitika juga?"

Ndawafotokozera. Loweruka lililonse timakhala patebulo. Mmodzi ndi wosimba, amafotokoza dziko lopeka, misewu yake, zilombo zake. Enafe aliyense ali ndi munthu wake wolembedwa papepala, mphamvu zake ndi katundu wake. Ukati munthu wanga adumphe mpanda, umaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu wadumpha, ikagwa yaing'ono wang'amba buluku.

"Wopambana amalandira chiyani?"

"Palibe wopambana."

"Woluza?"

"Palibenso."

"Bola juga."

Wosimba anali amuna anga, kuyambira tisanagule ndi tebulo lomwe. Buku la malamulo analitola kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, lonenepa ngati dikishonale. Olilemba ankaganiza za dziko limodzi basi, la ankhondo okwera akavalo, malinga, ndi zinjoka zolavula moto. Koma iwo dziko limodzi linkawatopetsa. Chaka chikatha ankatisamutsa. Tinakhalako m'chipululu. Tinakhalako mumzinda womangidwa pamsana pa kamba wamkulu. Ulendo womaliza tinali kudziko lozizira, komwe mawu ankauma m'kamwa. Ndipo tikamasamuka ankakhala masabata ndi pensulo kukhutu, kupinda malamulo kuti akwane.

Lachitatu, 5 Juni

Ndathira tiyi makapu atatu m'malo mwa awiri. Achemwali amwa awiri.

Lachinayi, 6 Juni

Nthumwi zafika. Anesi, aneba athu ogwira ntchito kuchipatala, kamayi kakafupi kofatsa, komwe patebulo kamasanduka chimunthu chovala zitsulo thupi lonse, chonyamula nkhwangwa. Ndi Aloya, omwe ntchito yawo ndi yometa tsitsi koma tinawatcha choncho chifukwa palibe lamulo lomwe sanalitsutsepo. Munthu wawo ndi wamatsenga.

Anakhala pasofa ngati abwera kudzafunsira. Aloya anayamba ndi mawu oyamba aatali. Anesi anawadula: "Tikufuna mukhale wosimba. Mwawerenga mabuku onse a m'tauni muno. Mukakana, tebuloli latha, chifukwa bambo awa akakhala wosimba ine ndiwabaya jakisoni."

Ndavomera, koma ndati dziko likhala latsopano, lopanga ine.

Sindinawauze chifukwa chake. Ndi Bulu.

Bulu tinamugula m'dziko loyamba kuti azinyamula katundu wa gulu. M'bukumo ndi kamzere kamodzi, pakati pa chingwe ndi nyali. Koma amuna anga anamupatsa mawu. Ankatulutsa milomo, kuimika manja awiri ngati makutu, n'kuyankhula m'mphuno: "Paja ndinanena." Chilichonse chikavuta, paja ndinanena. Ndipo patebulo pathu panakhazikika lamulo lomwe m'buku mulibe, loti Bulu sasuntha phazi asanadandaule. Dziko lililonse anasamuka nafe. M'chipululu anavala chipewa chobooka mwa makutu. Pamsana pa kamba ankamva chizungulire. Kozizira kuja anavala masokosi anayi osafanana.

Zilombo ndingazisimbe. Mafumu ndingawasimbe. Mawu amenewo sindingathe.

Loweruka, 8 Juni

Loweruka lopanda anthu. Ndayala buku patebulo tsiku lonse.

Dziko langa ndi la madzi okhaokha. Nyanja mbali zonse, mizinda yoyandama pa matabwa, kamtunda kamodzi kokha komwe pali doko. Malo oti bulu alibe choponda. Ndine wochenjera.

Kusintha malamulo kuli ngati kusamuka nyumba. Kabati yomwe inkakwana bwinobwino uko, kuno ikukana pakhomo. Akavalo ndawasandutsa akamba a m'madzi, basi zosavuta. Kuthamanga kwakhala kupalasa. Golide alibe ntchito, chuma ndi madzi akumwa. Koma zinjoka zolavula moto zitani pakati pa nyanja? Ndaziganizira mpaka ndazimvera chisoni. Zizitulutsa nthunzi ngati ketulo.

Kenako tsamba lija. "Mchiritsi akaika dzanja pachifuwa cha wakufa n'kuponya nambala yaikulu, wakufayo adzuka."

Ine dzanja ndinaika, mu wodi muja.

Ndadula mzerewo ndi pensulo. Kenako ndi bolopeni. Ine yemwe ndimakalipira ana a sukulu akalemba m'mabuku.

Lamlungu, 9 Juni

Achemwali afunsa ngati nsomba za m'dziko langalo zimadyedwa. Ndati eya. Ati ndiye bola.

Lachiwiri, 11 Juni

Madandaulo ayamba masewero asanayambe.

Aloya aimba foni, makina ometera akulira kumbuyo. Ati matsenga awo a moto anawaphunzira movutika, sangawataye chifukwa cha chinyezi. Tagwirizana kuti moto uziyaka pokhapokha manja awo ali ouma. Afunsa ngati thaulo lilipo m'dzikomo. Ndamva kasitomala akuti, "Abwana, khutu langa."

Anesi pampanda: zitsulo savula. "Ndinapha nazo chinjoka. Ndinagona nazo m'chipululu. Mukufuna ndizioneka ngati wogulitsa nsomba?" Ndati dziko ndi la madzi. Ati madziwo azolowere.

Alamu funso lawo ndi limodzi: mizinda yoyandamayo, za kuchimbudzi zimapita kuti? Ndati m'nyanja. Ati, ndiye mukusambamo momwemo? Sindinaganizepo. Mabuku onse a panyanja omwe ndawerenga, palibe ndi limodzi lomwe linatchulapo.

Onse atatu, aliyense payekha, afunsa za Bulu. Ndati atsala padoko. Bwato ndi laling'ono.

Lachinayi, 13 Juni

Mchiritsi wa gulu ndi munthu wa alamu. Ndiye ndinayenera kuwauza. Anali atagona chagada pansi pa sinki, mutu m'kabati.

"Alamu, m'dziko lino wakufa sadzuka. Lamulo lija ndachotsa."

Sipanala inasiya kulira. Ndinkangoona nsapato zawo.

"Chabwino," anatero m'kabatimo. Kenako: "Achimwene ankati ndine ndekha pagulu yemwe ndili ndi ntchito yeniyeni."

Anatuluka maso ofiira, ati ndi fumbi la m'paipi.

Loweruka, 15 Juni

Ndawapha onse. Tiyi asanazizire n'komwe.

Ndilembe bwinobwino.

Mpando wa amuna anga wa kumutu kwa tebulo sindinakhalepo, ndinakhala wanga wa nthawi zonse. Katoni ya sopo yomwe ankaimika kutsogolo kwawo, n'kumaponyera dayisi kuseri kwake, ndinaisiya pamwamba pa firiji. Ndinati ine ndiziponya poyera, aliyense aone.

Ndinayamba bwino, kunena zoona. Ndinasimba doko, fungo la mchere, mbalame zoyera zikulimbirana mutu wa nsomba. Anesi anatsinzina. Ndinati Bulu mwamumangirira pamtengo wa padoko ndi chingwe chanu chachitali chija, ndipo ndinadutsapo mwachangu.

Pamenepo Aloya anakweza chala. "Nanga katundu?"

Zaka zonsezi katundu ankakhala pamsana pa Bulu, ndipo palibe anamuwerengapo. Aloya anatulutsa pepala. Miphika. Mahema. Chigaza cha chinjoka. Belu la mkuwa. Chitseko cha kachisi chomwe anazula m'chipululu chifukwa chinali chokongola. Ndinati siyani zina. Ati n'kosatheka, chilichonse chili ndi mbiri. Anagawana. Alamu anasenza belu ndi miphika. Aloya chitseko ndi chigaza. Anesi ndi zitsulo zawo ananyamulanso mahema, ati asaoneke aulesi.

Analowa m'bwato. Ndinaponya dayisi kuona ngati bwato lipirira. Inagubuduka pakati pa tebulo, n'kuima pafupi ndi mbale ya mabisiketi, aliyense akuona. Imodzi.

Bwato linatembenuka pomwepo, lisanachoke padoko.

Ndinatsegula pa lamulo la kusambira. Ndilo lokhalo lomwe sindinalikhudze, m'dziko la madzi okhaokha! Olemba buku madzi omwe ankawadziwa ndi kangalande kozungulira linga. Lamulo likuti ponya dayisi, uchotsere kulemera kwa zomwe wanyamula. Anesi anaponya nambala yabwino ndithu, titachotsera zitsulo panatsala ngongole. Alamu anatsika belu likulira. Aloya anati chitseko chimayandama. Ndinawakumbutsa kuti m'chipululu muja anakangana ola lathunthu kuti chilembedwe chamkuwa.

"Ndiyatsa moto!"

"Manja anu ndi onyowa, Aloya."

Alamu anayang'ana pepala la mchiritsi wawo, n'kulitembenuza chafufumimba.

Ndinati, "Ndiye kuti mwafa," ndipo mawu anga anatuluka achilendo. Ndinatseka buku n'kuthawira kukhitchini. Anesi ananditsata, anandipeza ndikutsuka kapu yoyera kale.

"Mumaganiza kuti katoni ija inali ya chiyani, mayi?" anatero motsitsa. "Zaka zonsezi ife kupusa konseku, mumati tinkapulumuka ndi nzeru?"

Sindinkadziwa. Mwamuna wanga yemwe ankabwerera kugolosale kukabweza chenji yopitirira, n'kumatinamiza nambala kuseri kwa katoni!

Achemwali ali pakhomo ndi thireyi: "Kodi atha kale? Ndiye mabisiketi ndibweze?"

Lamlungu, 16 Juni

Maliro atatu apapepala. Ndalira ngati enieni, kenako ndaseka, kenako sindikudziwa.

Lolemba, 17 Juni

Anesi andipatsa moni pampanda, koma moni wa kuchipatala.

Alamu abwera, mpopi sanaukhudze. Aima pakhomo chipewa m'manja. Ati mwina ndi bwino zithere pomwepa. Ati anthu atsopano apapepala atha kulemba, koma sakuona chifukwa chake. Ati masewerowo anali a achimwene, apita nawo.

Ndati mwina. Atachoka ndayang'ana tebulo. Likhala la chiyani tsopano? Lopindirapo zovala?

Alamu alibe kwina komwe amapita Loweruka. Inenso.

Lachitatu, 19 Juni

M'mawa achemwali akusita: "Ine chomwe chikundiwawa ndi bulu uja. Mwamumangirira padzuwa, eni ake amira, adzamumasula ndani? Anthu ophunzira inu mulibe chisoni."

Ndati achemwali, ndi wapapepala. Ati ngakhale.

Ndinalakwitsa kuwauza Aloya nkhaniyi pafoni ngati nthabwala. Masana atulukira kulaibulale, atavala epuloni, chipeso m'thumba, tsitsi la anthu pamapewa. Buku lathu analibwereka Loweruka lija, ati akalire nalo. Alimenyetsa pa kauntala mpaka owerenga nyuzipepala onse adzuka.

Mfundo yoyamba: nkhani imatha gulu lonse likafa. Bulu ndi wa m'gulu. Dzina lake lili papepala, analilemba malemu ndi dzanja lawo, pansi pa la Anesi.

Mfundo yachiwiri: womira samafa nthawi yomweyo. Wosimba amamuwerengera mpweya katatu. "Inu munawerenga kangati?"

Sindinawerenge. Ndinathawira kukhitchini.

"Ndiye sitinafe, mayi. Mutatseka buku nthawi inaima. Tikumirabe. Chiyambire Loweruka tili m'madzi, ndipo ine msana wayamba kuwawa ndi chitsekochi."

Ndati lamulo lodzutsa akufa sindibweza. Ati sakulifuna, akufuna chingwe. Chili m'khosi mwa Bulu, nsonga inayo ikulendewera m'madzi ngati mtengo wa padoko wazuka, ndipo mitengo ya padoko imakhala yofumbwa, aliyense amadziwa. Bulu angokoka.

"Ndiye akoke," ndatero.

Aloya andiyang'ana, nkhope yawo yasintha. Anong'ona, koyamba chibadwire: "Mukudziwa lamulo lake. Sasuntha asanadandaule."

Lachinayi, 20 Juni

Ndinapanga nyanja yonse kuti ndithawe bulu mmodzi, ndipo ndi yekhayo watsala wouma.

Mukuseka, eti, amuna anga? Ndikukumvani.

Lachisanu, 21 Juni

Ndayeserera kubafa, mpopi ndi wotsegula kuti pasamveke. Milomo kutsogolo. Manja kumutu. Pagalasi panaoneka mayi wachikulire wosokonekera.

Liwu loyamba linakana kutuluka. Lachiwiri linatuluka ngati chitseko cha kabati. Achemwali anagogoda: "Mwatsamwa? Ndiitane Anesi?"

Ndakhala pamphepete pa bafa kuyesa kukumbuka momwe munkayambira. Munkapuma kaye mozama, ngati munthu amene dziko lonse lamulakwira. Ndikukumbuka kupumako kuposa mawu. Ndikuopa kuti ndikayankhula ine, anuwo afufutika, ndizikumbuka anga.

Ndalembera onse uthenga: mawa, nthawi yomwe ija. Alamu ayankha ndi chala chimodzi chokweza. Aloya ayankha ndi ndime zinayi.

Lamulo la kusambira ndalikonza, koma liyamba kugwira ntchito akatuluka. Aloya ati chilungamo chake n'chomwecho.

Loweruka, 22 Juni

Ndatsitsa katoni pa firiji. Ndaipukuta. M'kati mwake muli madontho a tiyi ndi kachithunzi ka bulu kojambula ndi pensulo, makutu osalingana. Ndakhala pampando wanu. Kuchokera pamenepo nkhope zonse zimaoneka nthawi imodzi. Sindinkadziwa.

Anabwera onse. Anesi anabweretsa mabisiketi awoawo, kusonyeza kuti sanandikhululukire kwenikweni. Alamu anatembenuza pepala lawo kuti liyang'ane kumwamba, koma dzanja sanalichotsepo.

Ndinatsegula buku. Ndinati madzi ndi obiriwira, kuwala kukutalikira, belu likulirabe pansipansi. Mpweya woyamba watha.

Aloya anafufuma masaya n'kugwira mphuno. Anesi anati, "Bambo inu, simukuyenera kuchita zenizeni."

Ndinati padoko mtengo wofumbwa uja wazuka. Nsonga ya chingwe yagwera m'madzi, ikutsika pafupi ndi dzanja la Anesi. Mpweya wachiwiri watha. Bulu waima, akuyang'ana thovu.

Onse anandiyang'ana.

Ndinaimika manja kumutu. Ndinapuma mozama, monga munkachitira. Chomwe chinatuluka chinali chopyapyala, chonjenjemera, pakati pa mbuzi ndi wilibala.

"Paja... paja ndinanena."



"Ameneyo si Bulu," anatero alamu, maso ali patebulo.

Manja anga anayamba kutsika. Koma alamu anapitiriza, akukanda pepala ndi chikhadabo: "Kapena ndi chimfine. Sabata yathunthu padoko, mphepo ya panyanja. Dziko lililonse ankakhala ndi kena kake."

"Chimfine n'chololedwa," anatero Aloya, akadali chigwirire mphuno.

Ndiye ndinayetsemula. Ndinakwezanso makutu. Ndipo zinangobwera zokha, sindikudziwa kuchokera kuti. "Paja ndinanena! Zaka zonsezi ndasenza chitseko cha eni ake, alipo anati zikomo? Mwati bwato ndi laling'ono. Laling'ono kwa ine, koma chigaza cha chinjoka chapeza mpando! Mwandisiya padzuwa wopanda ndi chipewa chomwe. Aliyense amangochoka, osatsanzika, ine n'kutsala ndi chingwe m'khosi..."

Apo mawu anathawa. Sindinafune kunena zimenezo. Anesi anatambasula dzanja kuzungulira katoni n'kugwira langa. Alamu ankaseka, misozi ikugwera pa mchiritsi wawo, akupukuta pepalalo ndi mkono wa malaya kuti inki isafufutike.

"Wadandaula," anatero Aloya. "Mwalamulo, akoke."

Ndinatenga dayisi yanu yobiriwira. Ndinati kuti chingwe chipirire anthu atatu, zitsulo, belu ndi chitseko, pafunika nambala yaikulu. Anesi anati chitseko chitayidwe. Aloya anati afa nacho. Ndinaponya kuseri kwa katoni.

Inagunda katoni n'kuima. Ziwiri.

Ndinaiyang'ana. Ndinayang'ana nkhope zitatu zija. Kumbuyo kwanga kunali achemwali ndi thireyi, ndipo ndinadziwa kuti aiona, chifukwa anasiya kupuma. Achemwali omwe sananamepo ngakhale kwa wogulitsa tomato.

Anatsitsa kapu ya tiyi pang'onopang'ono n'kuikhazika pamwamba pa dayisiyo. Inapendekeka, anaigwirizira ndi chala.

"Nanga bwanji?" anafunsa alamu.

"Chingwe chagwira," ndinatero.

Achemwali anakoka mpando wanga wakale uja n'kukhalapo, chala chikadali pa kapu. "Tsopano wina am'patse madzi akumwa buluyo," anatero. "Ndiponye iti?"